Pepala la Malo Odumpha

Fyness anapita ku Doha kukachapa ndi kusita, koma chaka choyamba chisanathe anamuwonjezera ntchito yokhala ndi mkulu wa pakhomopo. Onse m'nyumba imene ankagwira ntchito, ku Al Hilal, ankangowatchula kuti Baba. Anadwala sitiroko, mbali ya kumanja inafa, ndipo pakamwa pawo pankatuluka mawu awiri kapena atatu okha. M'mawa kunkabwera nesi wamwamuna kudzawasambitsa. Zotsalazo, kuwadyetsa, kuwapukuta dovu, kuwakankha pa njinga yawo ya olumala kuchoka chipinda china kupita china, zinali za Fyness.

Baba anaphunzira ku Amereka ali mnyamata, cha m'ma 1970, ndipo kumeneko anakatengako chikondi cha mafilimu a anthu akuda a nthawi imeneyo. Anali mafilimu a amuna a tsitsi lalikulu ngati dengu, mathalauza otambalala kumiyendo, magalimoto aatali, mfuti, ndi apolisi achizungu omenyedwa mpaka kugwera m'ngalande. Anali nawo katoni yodzaza ma-DVD. Akadya chamasana ankaloza katoniyo ndi dzanja lamanzere, ndipo sankaleka kuloza mpaka wina aike filimu.

Amene sankakondwa nazo anali Madam Maimuna, mkazi wa mwana wawo. Ana ake pochokera kusukulu ankadutsa m'chipinda chomwecho. Ndiye sabata ina Madam anadzitsekera ndi katoni ija, n'kutuluka ndi mapepala olembedwa manambala, filimu iliyonse pepala lake.

"Wotchi ya pa filimu ikafika apa, udumphe mpaka apa," anatero akulozera Fyness ndi chikhadabo. "Twenty-two mpaka twenty-five. Haram, zoletsedwa. Wamva?"

"Ndamva, Madam."

"Usamaonere filimu. Uziona manambala."

Kuyambira tsiku limenelo masana onse Fyness ankakhala pa kampando kumbuyo kwa Baba, pepala pamwendo, rimoti m'manja. Anali atadzuka faifi koloko, atakolopa nyumba yosanja, miyendo itatupa, ndipo maola awiri amenewo akanatha kukhala opumulira. Koma maso sankayenera kuchoka pa kawotchi ka pakona. Nkhani za m'mafilimuwo ankazimva moduladula. Mwamuna akulowa m'chipinda ndi mkazi, kenaka ali pamsewu akuthamanga malaya ali m'manja. Wina akukweza mfuti, kenaka anthu ali ku maliro. Baba ankawadziwa mafilimu onsewo pamtima, ndipo Fyness akadina rimoti ankamenya chogwirira cha njinga. "La, la," ankatero, kutanthauza kuti ayi. Fyness ankangoyankha kuti, "Pepani, Baba," m'Chichewa, popeza m'chinenero chilichonse sizikanasintha kanthu.

Lachisanu limodzi pamwezi ankamulola kutuluka. Ankakwera basi kupita ku Najma, kumene Amalawi ankakumana pa kalesitilanti kena kotsika mtengo. Kumeneko anafotokozera za mapepala aja a Grayson, bambo wa imvi wa ku Ndirande amene ankalondera pa hotela ina. Bamboyo anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye inu achemwali mwasanduka Censorship Board ya munthu mmodzi," anatero. "Ifetu mafilimu amenewo tinaonera ku Blantyre nthawi ya chipani chimodzi, atawadula kale ndi sizasi. Anthu akangoyandikirana kuti apsompsonane, mwaona kunja kwacha, akumwa tiyi. Holo yonse malikhweru. Tinkatuluka tikukangana kuti pakati paja pachitika chiyani."

"Ine sindikangana ndi munthu, achimwene. Ndimangofuna kutseka maso."

"Nanga osangowasiya madalawo aonere? Anaona kale zonsezo."

"Mu sitting room muli kamera. Madam amaona pa foni ali ku office."

A Grayson anagwedeza mutu n'kuitanitsa tiyi wina.

Zinachitika mu Ogasiti, kunja kukutentha moti ngakhale mphaka sankaoneka pamsewu. Dzulo lake kunali alendo, ndipo Fyness anaima pa sinki kuyambira masana mpaka mbale yomaliza. Anaika filimu, anadumpha malo oyamba, anadumpha achiwiri. Kenaka mphepo ya makina oziziritsa m'nyumba inamulowa m'mafupa, mutu unagwera pachifuwa.

Chinamudzutsa chinali phokoso limene anali asanalimvepo. Baba ankaseka, kuseka kopotoka kwa mbali imodzi, phewa likugwedezeka. Fyness anayang'ana wotchi: forty-seven. Anayang'ana pepala: forty-six mpaka forty-nine. Chala chinapita pa batani, maso n'kukwera pa sikirini kuti aone zamanyazi zimene walola.

Panalibe wovula. Panali mayi wakuda wa msinkhu ngati wake, atavala epuloni yoyera, atanyamula thireyi m'chipinda chodyera cha azungu. Dona wa nyumbayo anamuitana ndi kuliza zala, osamuyang'ana n'komwe, n'kuloza supu amene anatayikira pansalu. Mayiyo anatsitsa thireyi. Anamasula epuloni pang'onopang'ono, anaipinda bwinobwino n'kuiika m'mbale ya donayo, pamwamba pa nyama. Ananena mawu ochepa amene Fyness sanawamve bwino. Kenaka anatenga chikwama chake n'kutulukira khomo la kutsogolo, osathamanga, chitseko n'kuchisiya chotsegula.

Chala cha Fyness chinakhala pa batani osadina mpaka wotchi inafika forty-nine.

Baba anatembenuza khosi movutikira kumuyang'ana. Analoza sikirini, analoza iye, n'kusekanso. Fyness sanadziwe ngati akumuuza kanthu, kapena akumuseka, kapena angokondwa kuti lero aona filimu yawo yathunthu. Anatenga kansalu n'kuwapukuta pachibwano.

Madam atabwera kuchokera kuntchito anamuitanira ku khitchini. Sanakalipe. Anaika foni pa tebulo, chithunzi cha pa kamera chitaima pomwe Fyness anali maso tong'o pa sikirini.

"Uli ndi vuto ndi nyumba ino, Fyness?"

"Ayi, Madam. Ndinasinza."

"Apa sukusinza."

Fyness anayang'ana matailosi amene anakolopa m'mawa.

"Timakusunga bwino," anatero Madam. "Uli ndi chipinda chako, foni sitikulanda. Zinthu za m'mafilimuzi n'zakale, za dziko lina. Zimangoika maganizo oipa m'mutu mwa munthu." Anatenga foni yake. "Khalas. Nkhani yatha. Pita ukawapatse mankhwala."

M'mawa mwake katoni ija inali itachoka. Mwana wa Baba anawapezera tchanelo cha mafilimu akale, odulidwa kale ndi eni ake a tchanelocho, mawu otukwana atafufutidwa moti milomo inkangoyenda popanda liwu. Rimoti inalibenso ntchito, ndiye Madam anati Fyness azisitira m'chipinda momwemo nthawi ya masana, kuti manja asakhale chabe.

Mapepala aja Fyness anawapeza mu bini. Anawatola, anakhala nawo pa bedi lake n'kumawayang'ana limodzilimodzi. Manambala okhaokha, opanda mawu. Kwa miyezi isanu ndi itatu ankakhulupirira kuti akudumpha maliseche ndi magazi. Tsopano panalibe njira yodziwira kuti pa malo onsewo ndi angati anali otero. Anafuna kufunsa a Grayson, koma Lachisanu lake litakwana anagona tsiku lonse, ndipo mwezi wotsatira anamva kuti anawasamutsira ku kampu ina kunja kwa mzinda. Mapepalawo anawabwezera mu bini.

Baba analoza malo a katoni kwa sabata ziwiri, kenaka analeka. Akawayatsira tchanelo chija ankatseka maso. Fyness anayamba kumawakankhira pa windo la pabalaza, pomwe ankaona geti ndi kachidutswa ka msewu, iye n'kukokera tebulo lositira pafupi. Ankakhala choncho awiriwo mpaka ana atabwera, wina akuyang'ana magalimoto, wina akusita mikanjo yoyera imene sinkatha.

Mu Novembala Madam anabwera ndi fomu ya kontrakiti yatsopano, zaka zina ziwiri. Fyness anapempha tsiku limodzi loti aganize. Anaimbira mwana wake Salima, amene anali Fomu 3 ku Balaka ndipo ankakhala ndi azakhali ake. Mtsikanayo anayankhula za mayeso, za nsapato zimene zinamuthina, za mnzake amene anasiya sukulu. Sanafunse kuti amayi abwera liti, ndipo Fyness sanatchule za fomuyo.

Anasaina m'mawa mwake ataimirira, pa tebulo la ku khitchini, ndi cholembera cha Madam. Kenaka anapita kukaphika phala la Baba, chifukwa nesi anali atatsala pang'ono kumaliza kuwasambitsa.