Sekani ndi Pastizzi za Anti Doris

Sekani wathu anafika zaka ziwiri ndi theka akudziwa mawu awiri okha, "mama" ndi "ayi". Zina zonse ankangoloza, ine n'kumathamanga. Akayang'ana kapu, ndamupatsa kale. Akakwinya nkhope, ndamuvula kale juzi.

Lolemba ndinkayenera kuyamba ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo wolera ana amene anali ndi malo kuno ku Thamesmead anali mmodzi yekha: Anti Doris, mayi wa ku Malta wa m'fulati ya pansi pathu, wamawu ngati hutala ya basi. Vuto linali lakuti ana amawayankhula Chingerezi chosakaniza ndi Chimalta. Kutchalitchi ku Peckham azimayi anali atandiuza kuti zinenero zikachuluka, lilime la mwana limamangika. Ziwiri, Chichewa ndi Chingerezi, zamukanika, ndiye ndimuwonjezere chachitatu?

"Kaone kaye, Chiye," anatero mwamuna wanga Shadrick. "Usataye ntchito chifukwa cha madokotala a m'kwaya."

Lachisanu ndinapita, n'kukhala pakona, chikwama pamiyendo, maso pa mwana. Panalinso ana ena awiri. Anti Doris anakhuthulira zidole pakapeti n'kunyamula kagalu kamodzi.

"Kelb!" Anawonjezera tina tiwiri. "Klieb!" Buku limodzi, "ktieb", mulu wa mabuku, "kotba".

"Pepani Anti," ndinatero, "mawuwa akusintha pati? Kwathu timaika kutsogolo: galu, agalu. Azungu amaika kumapeto."

"Ife timawathyola pakati, mwanawe, ngati buledi!" anaseka. "K, l ndi b sazisuntha, zam'kati ndi zimene zimavina. Ena timangowamata mchira: platt ndi mbale, zikachuluka platti. Manja ali ndi mchira wawowawo: id, idejn."

"Nanga mwana adziwa bwanji lothyola ndi lomata?"

"Amangomva basi. Ine ndani anandiuza?"

Ndinatulutsa foni mobisa n'kulembera Shadrick kuti, "Sizitheka."

Kenako Anti Doris anatulutsa thireyi mu uvuni, yodzaza ndi tizakudya tofufuma tokhala ndi tchizi m'kati. Mwana aliyense analandira kamodzi. "Pastizz," anatero. Ana awiri aja anameza n'kuyamba kukuwa, "Pastizzi! Pastizzi!" ndipo anawapatsa tiwiritiwiri. Sekani anamaliza kake, n'kuyang'ana thireyi, kenako ine. Dzanja langa linali litanyamuka kale.

Anti Doris anandigwira pamkono. "Khala pansi, iwe. Pakamwa ali napo."

"Alira, Anti."

"Alire. Makoma a fulati ino ndi olimba."

Ndinakhala. Mlomo wa Sekani unayamba kunjenjemera. Analoza. Anti Doris anapenya kudenga ngati sakuona. Analozanso mwamphamvu, mpaka kunyanyamphira. Ine ndinakhalira manja anga kuti asandipereke.

"Pa-tizz," anatero Sekani ndi timawu tosasa.

Anti Doris anamupatsa kamodzi. Sekani anakayang'ana, anayang'ana manja odzaza a anzake, n'kupukusa mutu. Anatambasula manja onse awiri.

"Patizzi!"

"Mwamva?" anakuwa Anti Doris. "Kungotsegula pakamwa, wayamba ndi kufuna zambiri! Ameneyu adzakhala bwana."

Ndinaseka misozi ili chuchuchu, mpaka Anti Doris anandipatsa kapastizz kanga kuti nditonthole.

Potuluka tinakumana ndi bambo wina akukoka agalu awiri. Sekani analoza n'kundiyang'ana. Mawu anali kale pamlomo panga, koma ndinawameza.

"Klieb," anatero.

"Eya. Kwathu ndi agalu."

"Agayu."

Foni inalira. Anali Shadrick. "Ndiye ndiwaimbire akuntchito kuti subwera?"

"Usayerekeze," ndinatero. "Ndipo lero ukafika usamupatse kanthu mpaka apemphe."

"Iwe ndi amene ukundiuza ine zimenezo?"

Lolemba m'mawa ndinamusiya pakhomo pa Anti Doris n'kuthamangira basi. Ndinabwerera kamodzi kokha, kukaona ngati wavala masokosi onse awiri.