Kanema Amene Anaimitsa Ngolo

Chimanga cha a Elifala chinali chikadali pamikukwe kumunda mwezi wa Juni uli pakati, ndipo chiswe chinali chitayamba kale kutengapo gawo lake. Ngolo inali pabwalo, goli lili pomwepo, koma m'khola munali ng'ombe imodzi yokha. Inzake anali ataitenga mwini wake, a Gregorio, masabata atatu apitawo.

Ngolo imeneyi anthu a kwa Dzoole ankaidziwa bwino. Kwa zaka makumi awiri, a Elifala ankabweretsa ng'ombe yawo, a Gregorio yawo, n'kuzimanga pagoli limodzi. Ng'ombe zinkakalamba n'kusinthidwa, koma eni ake anali omwewo. A Elifala anali mkulu wa mpingo, a Gregorio woimba kwaya ku parishi, ndipo pa ndale sanagwirizanepo chibadwire. Kale ankapachika wailesi pangolo n'kumatsutsana njira yonse ya ku Madisi mpaka mawu kusasa. Akafika ankathyolerana nzimbe, nkhani n'kuthera pomwepo. A Elifala akakumbukira masiku amenewo, mtima unkawawawa.

Zinthu zinasokonekera pa gulu la Watsapu la anthu a m'deralo. Munthu wina anaponyapo kanema woonetsa anyamata akumenya nkhalamba pamsika, n'kulemba kuti anyamatawo ndi a chipani chimene a Gregorio amachikonda. A Elifala, munthu woti polemba kalata ya mpingo amatha tsiku lonse, ulendo uno chala chinathamanga. Analemba kuti aliyense wokonda chipani chimenecho ndi chilombo chopanda umunthu. A Gregorio anayankha kuti ukulu wa mpingo ena anangoutola panjira. M'mawa mwake anabwera ndi chingwe, osapereka n'komwe moni, n'kukoka ng'ombe yawo.

Chichokereni tsiku limenelo, foni sinachoke m'manja mwa a Elifala. Ikangolira, mtima unkagunda ngati athamanga chitunda. Ankakangana ndi anthu oti sanawaonepo nkhope. Mutu unkawapweteka, chakudya osachifuna.

"Bambo, chimanga chikutha kumunda inu muli chiweramire pa kagalasi," anatero akazi awo, a Nachisale. "Ine kusenza pamutu ndalephera. Lero Anjelina ali pasikelo, tiyeni akakuoneni."

Anjelina anali mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo. Atamaliza kuyeza ana pansi pa mtengo, anawamanga a Elifala lamba pamkono n'kuyang'ana manambala.

"Magazi anu akuthamanga kwambiri, bambo. Pali chimene chikukuvutani mumtima?"

A Elifala anatulutsa foni n'kumuonetsa kanemayo. Anjelina anaonera kawiri, kenako anakweza mawu a kanemayo.

"Tamvetserani chilankhulo akukuwachi. N'chathu?"

A Elifala anatchera khutu. Sichinali Chichewa, sichinali Chitumbuka, ngakhale Chiyao. Zikwangwani za pamsikapo nazonso zinali zachilendo. Tsiku loyamba lija sanazindikire zonsezi, pakuti mkwiyo unali utawatseka makutu.

"Zinachitikadi ndipo n'zoipa, koma si za kuno," anatero Anjelina. "Amene analemba mawu aja ankadziwa kuti nkhani yokwiyitsa ndiyo imayenda msanga. Munthu akaona zosangalatsa amangomwetulira. Akaona zopsetsa mtima amatumiza kwa anthu khumi. Tsono mukamaona zoterezi m'mawa, masana ndi madzulo, mumayamba kuganiza kuti onse a mbali inayo ndi oipa, ngakhale amene mwadya nawo m'mbale imodzi. Thupi nalo silidziwa kuti mdaniyo ali m'foni. Limakonzeka kumenya nkhondo tsiku lonse, osapuma."

"Ndiye ndiitaye foniyi?"

"Ayi, musaitaye. Muziiona nthawi yoikika, mwina kawiri patsiku. Gululo mulitseke kulira, ndikuonetsani potsekera. Mukawerenga chinthu mtima n'kuyamba kugunda, ikani foni pansi, kokani mpweya pang'onopang'ono kangapo, kazungulireni kudimba. Musayankhe kapena kutumiza mtima usanatsike. Mubwerenso sabata yamawa ndidzakuyezeni, ndipo zikapanda kusintha ndikutumizani kuchipatala. Koma nkhani ya mnzanuyo, foni siingakukonzereni. Pitani ndi miyendo."

Madzulo ake, dzuwa likadalipo, a Elifala anasiya foni pawindo n'kutsika kanjira kodutsa m'munda wa mtedza. Kanjirako anali atakayenda kambirimbiri, koma tsiku limeneli kanatalika. Anawapeza a Gregorio akumwetsa ng'ombe yawo. Chimanga chawo nachonso chinali chikadali kumunda.

"Odi, achimwene."

"Fikani," anayankha a Gregorio osatembenuka. "Mwabwera kwa chilombo?"

A Elifala anavula chipewa. Anafotokoza za kanemayo, za chilankhulo chachilendo, za magazi awo. Kenako anati, "Ngakhale akanakhala wa kuno, inu simunamenye munthu. Ndinalakwa, mundikhululukire."

A Gregorio anatembenuka. Anawayang'ana m'maso, nati:

"Mwana wanu Roza atadwala, ndani anam'thamangitsira kuchipatala pangolo mvula ikugwa? Bambo anga atamwalira, bokosi munanyamula ndinu. Ndiye munditche chilombo pamaso pa anthu mazana awiri, ana anga akuwerenga? Kupepesa kwa kuseri kwa khola kuno ndakumva, koma anthu aja sanakumve."

Apa m'pamene panali povuta. Kupepesa munthu mmodzi n'kosavuta, koma kudzitsitsa pagulu, iwe mkulu wa mpingo, kumafuna mtima. A Elifala anabwerera kunyumba, anatenga foni, nabweranso nayo. Ataima pambali pa mnzawoyo, anajambula mawu awo:

"Ndine Elifala. Kanema uja si wa dziko lino, ndipo ine ndinatukwana anthu ndisanafufuze. A Gregorio ndi mbale wanga. Timasiyana chipani, ndipo tidzasiyanabe, koma si chilombo. Ndapepesa kwa iwo ndi kwa nonse amene ndinakunyozani."

Anatumiza. Ena pagulupo anawaseka kuti agonja, koma a Elifala sanawayankhe. A Gregorio anapempha foniyo, najambula nawonso mawu opepesa pa zimene ananena za ukulu wa mpingo.

Kutacha, ng'ombe ziwiri zinalowa pagoli. Anayamba ndi munda wa a Gregorio, pakuti a Elifala anaumirira choncho. Pofika Loweruka nkhokwe zonse ziwiri zinali zitalandira chimanga, kupatula chimene chiswe chinadya, chokwana mwina matumba awiri. Chimenecho sichinabwerere. Sabata yotsatira Anjelina anapeza kuti magazi a a Elifala ayamba kutsika.

Nkhani ya pafoni ikakupsetsani mtima, musathamangire kuyankha kapena kuitumiza. Dikirani mtima utsike, fufuzani ngati ili yoona, ndipo nkhawa ikakula kaonaneni ndi azaumoyo. Kusiyana maganizo si udani. Munthu amene mwam'lakwira pagulu, kam'pepeseni pamaso, ndipo mukonzenso dzina lake pagulu pomwepo.