Penti pa Khoma la a Tikonza

Bambo anga anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zitatu pa chinyumba cha nsanjika zisanu chimene ndimakolopamo ine lero. Anali mkulu wa zokonzakonza. Madzi, magetsi, chikepe, zitseko zokana kutseka, zonse zinali pamutu pawo. Dzina lawo lenileni ambiri sankalidziwa. Ankangoti a Tikonza, chifukwa ukawauza vuto lililonse, ngakhale loti mwamuna wako wathawa, yankho linali lomwelo: tikonza.

Anamwalira Lachiwiri m'mawa, ali pa makwerero a thanki ya padenga. Chifuwa chinayamba kuwathina Lamlungu. Amayi anawauza kuti apite kuchipatala, ine ndinawauzanso, iwo n'kumati apita akangothana ndi thanki, poti a m'nsanjika yachinayi anali atadandaula kuti madzi akutuluka mofooka. Anthu omwewo ndi amene analira kwambiri pamaliro. Mayi wina anandigwira manja onse awiri n'kumandiuza kuti bambo anga sankadziwa kukana, ukawaimbira ngakhale tsiku lopuma ankabwera akuseka. Ndinangoyang'ana pansi. Ndikanatsegula pakamwa ndikanamufunsa kuti nanga iyeyo kudikira ankakudziwa?

M'chipinda chapansi, momwe muli mapampu, muli khoma limene bambo ankalembapo ndi pensulo. Chinyumbacho anachimanga anthu osiyanasiyana pa nthawi zosiyanasiyana, ndipo mapulani ake amanama. Paipi imene pepala likuti yapita kumanzere, iyo inapita kumanja. Ndiye chilichonse chimene bambo atulukira ankachilemba pakhomapo: valavu iyi imatseka madzi a uku, iyi usaigwire pampu ikuyenda, swichi yakuti ndi yabodza. Kulemba m'buku ankakana, ati buku wina alibwereka osabweza. Ine sukulu ndinalekezera panjira nditatenga mimba, koma kufunika kwa khoma limenelo ndimakudziwa kuposa onse ovala mataye, chifukwa munthu akatseka valavu yolakwika, wokolopa madziwo ndine.

Patatha masabata atatu, Madamu, amene ndi manijala wa chinyumbacho, anaitanitsa antchito tonse. Anati akufuna kulemekeza a Tikonza. Chipinda cha mapampu achipaka penti yoyera, apachikamo chithunzi chawo, pachitseko alembapo dzina lawo, ndipo Lachisanu eni nyumba ndi alendi adzabwera kudzaona. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinakweza mkono n'kufunsa za khoma.

Madamu anandiyankha ndi mawu ofewa aja amene amalankhula nawo kwa munthu wofedwa. Anati akumvetsa kuti zikundiwawa, koma khomalo lada, ndipo munthu watsopano wobwera mwezi wamawa amasunga zonse mu kompyuta. Ndinati si za kuwawa ayi, ndi za madzi ndi moto wa magetsi, ndiye andipatse mpaka Lachinayi ndikopere. Anavomera.

Ndinagula kope. Nthawi ndinalibe, koma ola la nkhomaliro lokha. Lolemba ndinakopera kachigawo kapamwamba, mizere mwina khumi ndi isanu, poti ine polemba ndimachedwa, ndipo fumbi la m'chipindamo linkandiyabwa m'maso. Lachiwiri mwana wanga anatentha thupi, tsiku lonse linathera pamzere wa kuchipatala. Lachitatu m'mawa, ndikutsika masitepe ndi kope langa, ndinamva fungo la penti.

Ndinapeza a Pulambala ataima pakati pa chipinda, burashi ili m'manja, malaya ali mathothomathotho oyera. A Pulambala, okonza mapaipi pa chinyumbacho, anali mnzawo wa bambo wa ponda apa n'pondepo. Ankadyera limodzi, kukangana za mpira limodzi, ndipo ine ndinakula ndikuwaitana kuti amalume. Khoma lonse linali mbee, kuyambira kudenga mpaka pansi.

Anayamba kufotokoza ndisanafunse. Anati sakanalola kuti chipinda cha mnzawo achipake munthu wachilendo. Anatinso Lolemba anandiona ndikulira ndi kope m'manja, ndiye anaganiza zondipeputsa. Ndisade nkhawa, zonse anajambula pafoni asanayambe.

Anandipatsa foniyo monyadira. Zithunzi zinalipo khumi ndi chimodzi. Pachilichonse panali khoma lotuwa, kuwala kwa babu, ndipo pa zitatu panalinso chala chawo. Pensulo pa khoma lakuda ndi fumbi sioneka pa foni. Panalibe chilembo n'chimodzi chomwe.

"Amalume, munaziona zithunzizi musanapake?"

"Magalasi ndinaiwala kunyumba, mwanawe."

"Ndiye werengani apa. Werengani, ndikumva."

Anaiyandikitsa foni kumaso, kenako kuitalikitsa. Ndinawauza zonse zimene zinali kukhosi kwanga kuyambira tsiku la maliro. Ndinati inu nonse ndi chimodzimodzi. Munthu munkamukonda chifukwa ankakusenzerani katundu, wafa mukuthamangira kumupachika pakhoma ngati kalendala. Lolemba sindinkalira ine, linali fumbi, ndipo ngakhale ndikanalira, anakutumani ndani? Zaka zonsezi munkabwera pano kudzawerenga khomali musanagwire sipanala, lero mwalifafaniza ndi manja anu omwe, ati chikondi. Iwo anangoika burashi pansi n'kuyamba kutakasa penti ina m'chitini, poti Madamu anali atanena kuti ipakidwe kawiri kuti iume Lachisanu lisanafike.

Ndinakhala pa ndowa yovundikira, mutu nditatsamiza kukhoma kumene kunali kutauma kale. Chitseko chinali chotsegula, ndipo dzuwa linkalowa chammbali kuchokera koimika magalimoto. Apo ndi pamene ndinaona timizere. Bambo polemba ankadinikiza pensulo ngati akukhoma msomali, ndipo pulasitala ya chipindacho ndi yofewa. Zilembo zinali zitalowa m'khoma. Penti inaphimba kuda kwake, koma tingalande take tinali tikadalipo. Kupakanso kachiwiri kukanatikwirira tonse.

Ndinanyamuka, kuwalanda chitini chija, kuchivundikira, n'kukhalapo. Ndinawauza kuti azimitse babu, atenge tochi, aigoneke pakhoma kuti kuwala kuziyenda chammbali. Anachita osafunsa. Zilembo zinatuluka ndi timithunzi take, mzere ndi mzere. Ndinatenga pensulo yanga n'kuyamba kudutsa m'tingalandemo.

Ntchito yake inali yowawitsa khosi. Pena chilembo chinkasowa, a Pulambala n'kukumbukira mawu ake, pena ankakumbukira zolakwika ine n'kuwakalipira. Chapakati pa khoma tinapeza mawu akuti "mpope wa kwathu, Loweruka". Pansi pake panali omwewo, pansi pakenso omwewo, kasanu ndi kawiri. Mpope wa kwa amayi wakhala ukudontha zaka zisanu, pansi pake pali beseni limene amayi amataya m'mawa uliwonse. A Pulambala anayamba kuseka, ataona nkhope yanga analeka. Mizere imeneyo ndinaidumpha. Ngati ankafuna kuti ikumbukike akanabwera Loweruka limodzi.

Madamu anatipeza cha m'ma leveni, tili mumdima ndi tochi ngati akuba. Anayatsa babu, anaona pensulo pa penti yatsopano, mawu ofewa aja anathera pomwepo. Anafunsa ngati ndikudziwa kuti masitepe a nsanjika ziwiri sanakolopedwe. Anati penti yachiwiri ipakidwe lero lomwe, eni nyumba sangabwere kudzaona khoma lolembalemba ngati chimbudzi cha pasukulu. Anandikumbutsanso kuti ntchito yanga ndi mopu, ndipo anandilemba polemekeza bambo anga.

Ntchito imeneyi ndi imene imadyetsa mwana wanga. Koma ndinakakhalanso pachitini paja.

"Madamu, afunseni amalumewa. Paipi itaphulika pompano m'nsanjika yachinayi, atseka valavu iti?"

Madamu anatembenukira kwa a Pulambala. Mavalavu m'chipindamo alipo makumi awiri ndi anayi, onse ofiira, onse ofanana. A Pulambala anawayang'ana nthawi yaitali. Akananama, Madamu sakanadziwa.

"Sindikudziwa, Madamu. Ndinkabwera kudzawerenga."

"Zaka zonsezi?"

"Analemba bwino, ndiye ndinkaona ngati palibe chifukwa chosungira m'mutu."

Madamu anati ndiye ndikopere m'kope, khoma lipakidwe. Ndinati kope ndikopera, koma tsiku limene madzi adzasefukire kopelo lidzakhala m'kabati yokiya, makiyi ali kunyumba kwa munthu. Ngati akufuna kundichotsa ntchito andichotse Lachisanu pamaso pa eni nyumba, ndidzawafotokozere ndekha chifukwa chake. A Pulambala anandipempha kuti ndinyamuke pang'ono. Ndinkaganiza kuti akufuna penti, koma anatenga hamala n'kukhomerera chivundikiro cha chitini mbali zonse, kenako anachikankhira pansi pa tebulo ndi phazi. Madamu anatiyang'ana tonse awiri. Anati masitepe akhale atakolopedwa isanakwane thuu, n'kutuluka.

Tinamaliza Lachinayi madzulo. Lachisanu anthu anabwera atavala bwino, anapachika chithunzi cha bambo pamwamba pa zilembo zanga zopindikapindika. Mmodzi wa eni nyumba anati n'zogwira mtima kuti mwana wasunga mawu a bambo ake. Mayi uja wa m'nsanjika yachinayi analiranso. Ine ndinaima kumbuyo ndi mopu, poti nsapato zawo zinalowa ndi matope.

Sitinapulumutse zonse. Pakona yapansi, pafupi ndi bokosi lalikulu la magetsi, ndi pamene a Pulambala anayambira kupaka burashi ikadali yonona, ndipo penti inakwirira mizere inayi. Tinayesa tochi mbali zonse, osaoneka kanthu. Iwo akukumbukira kuti panali chenjezo la swichi yachiwiri, koma loti chiyani sakudziwa. Pamalopo ndinalembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti: apa panali mawu a a Tikonza, anafufutika, musagwire swichi yachiwiri mpaka wamagetsi ayeze.

A Pulambala amandipatsa moni m'mawa uliwonse pamasitepe. Ndimayankha, koma amalume sindinayambe kuwaitananso. Dzulo anandifunsa kuti zitha liti zimenezi. Ndinawauza kuti abweretse wamagetsi kaye.