Masekondi Asanu ndi Awiri a Vaidotas

Bondo la Vaidotas Skrebys ndinalimanga ndine, choncho musandiuze za kukhululuka. Ndasisita minofu ya osewera basiketibo zaka makumi atatu, koma bondo lotupa ngati limenelo sindinalionenso. Ndinawauza akochi athu a nthawiyo, a Bronius Kuprelis, kuti mwanayu apume.

"Danguole, iwe zako ndi mafuta," anatero. "Miyendo ndi yanga."

Tinali patsogolo kale ndi mapointi makumi atatu. Anamulowetsabe, ati adaniwo amve kuwawa bwinobwino. Vaidotas analumpha kamodzi, bondo n'kumveka thyo! Timu ya ku Spain imene inkamufuna inangoti zii. Kwa atolankhani, a Kuprelis anati mnyamatayo miyendo yake inali yagalasi chibadwire.

Mlandu suola. Vaidotas anayamba ukochi akutsimphina, kuphunzitsa tiana tasukulu kwawo ku Varnupė, mpaka timu ya tauniyo anaifikitsa mu ligi yaikulu ya Lithuania. Atandiitana, ndinangonyamula mafuta anga. Zaka khumi ndi zinayi dzina la a Kuprelis sanalitchulepo, koma chimene ankafuna ndinkachidziwa: kuwachititsa manyazi pamaso pa anthu awo. Nanenso ndinkachifuna, ndisaname.

Mwayi unapezeka Loweruka lina masana, pamene tinakumana ndi timu ya mkuluyo pa masewero awo otsanzikana, m'holo ya kwawo. Anthu anali atawakonzera nkhata yamasamba, lamba woluka wolembedwa dzina lawo, ndi keke ya šakotis yotalika ngati mwana woyenda. Ife tinawakwapula osayang'ana nkhope. Kutatsala masekondi asanu ndi awiri, mpira unatuluka kunja, oponya tili ife, tikutsogola ndi mapointi 26.

Mwambo wake ngakhale mwana amaudziwa. Wopambana chonchi saponyanso. Amangonjanjitsa mpira pansi mpaka nthawi ithe, kuti wogonja atuluke ndi ulemu wake. Holo yonse inali itaimirira kale, kuwaombera m'manja a Kuprelis. Pamenepo Vaidotas anatsimphinira ku tebulo la osunga nthawi n'kupempha mpumulo wa mphindi imodzi. Manja onse analeka.

"Akochi, kwagwanji?" anafunsa Eimantas, kaputeni wathu. "Tawamaliza kale anthuwa."

"Khala pansi. Taona apa." Vaidotas ankajambula pa kabolodi kake. "Uzungulire uku, ulandirire pakona, uponye ya mapointi atatu."

"Ndi nkhalamba, akochi. Adzukulu awo si awo akhala apowo?"

"Eya, aonere pafupi. Kapena manja ako achita dzanzi? Ukakana, jeziyo undisiyire pabenchi pompano."

Eimantas anandiyang'ana ngati akuti ndimupulumutse. Ine ndinayang'ana kudenga.

Eimantas anaponya, mpira n'kulowa mu neti osakhudza ngakhale chitsulo chake. Holo inaphulika ndi malikhweru ndi matemberero, mayi wina mpaka anatigenda ndi maluwa omwe anagulira mkuluyo. Ine mtima unayera mbee. Ndinaseka mokweza, ndipo mpaka lero sindinalape.

Kenaka inakwana nthawi yopatsana manja. A Kuprelis anabwera pang'onopang'ono. Ndinkadikira kuona misozi, mwina chitonzo. Koma munthuyo ankamwetulira, kumwetulira kwenikweni kochokera pansi pamtima.

"Mwana wanga," anatero, atagwira dzanja la Vaidotas ndi manja awiri. "Ana onse amene ndaphunzitsa anali ofewa ngati phala. Wamva ndiwe wekha. Nanenso ndikanatero! Lero ndikupuma mtima uli m'malo, chifukwa ndasiya wolowa m'malo mwanga."

Vaidotas anayesa kusolola dzanja, koma mkuluyo analikweza m'mwamba, ojambula zithunzi n'kuwaunjirira.

M'chipinda chovalira anyamata ankang'ung'udza, wina akumenya chitseko cha kabati. Vaidotas atangolowa, onse anati chete, maso pansi, misana yowongoka. Chete ameneyo ndinamuzindikira. Ndi mmene tinkakhalira kale akalowa a Kuprelis.