Msana wa Komandante Julião

"Mfutiyo ikani apo," anatero Cacilda. "Ndi lamba yemwe. Munthu sapuma bwino atadzimanga ngati mtolo wa nkhuni."

Komandante Julião anamuyang'ana mwaukali. Chilowereni ankhondo a m'tchire m'tauni ya Milange panalibe amene anamulamulapo, ndiye lero amulamule mayi wa chitenje chong'ambika? Koma msana ndi msana. Kachitsulo ka bomba kanamulowa m'chiuno ku Molumbo, ndipo ngakhale anakachotsa, bamboyo ankayendabe chowerama ngati wataya singano. Anavula lamba uja, mpeni uli pomwepo, n'kumuponya pa kauntala ya loja, sitolo yakale ya amwenye imene anaisandutsa ofesi yake.

Panja, pamtengo wa mango, anali atamangirirapo Florentino, mwamuna wa Cacilda. Anamugwira akuwolotsa anthu panjinga kupita ku Muloza, tsidya la Malawi, komwe anali atakasiya kale mwana wawo Berta. Khutu lakumanzere analidula tsiku lomwelo, ndipo ntchentche sizinkachoka pabalapo. Pangano linali lalifupi: Cacilda awongole msana wa komandante m'masiku asanu ndi awiri. Komandante akawongoka, Florentino amasulidwa. Akapanda kuwongoka, khutu linalo, kenako khosi. Lino, msilikali wa ndevu zaimvi amene ankalondera pakhomo, anauzidwa Cacilda akumva: "Ukangoona chachilendo chandichitikira, usafunse. Yamba ndi mwamunayo."

Luso lake lowongola misanalo Cacilda sanalitenge kwa sing'anga, ngakhale theka la Milange linkanena choncho. Ali mtsikana ankachapa zovala m'nyumba yomweyi, kwa Dona Savita, mkazi wa mwini loja. Msana utamukanika ndi ndowa za madzi, Dona uja anamuyalira mkeka kuchipinda n'kuyamba kumuphunzitsa yoga: kuwerama, kudziwongola, kupinda thupi pang'onopang'ono motsatira mpweya. Amwenyewo atachoka dziko litalandira ufulu, Cacilda anatsala ndi lusolo pamodzi ndi lamulo lake. Munthu mmodzi basi, chitseko chotseka.

"Pagulu munthu amanama," ankatero. "Amati sizikupweteka, misozi ili mbwee. Akatsala yekha ndiye thupi limanena zoona."

Anawongola alimi a ku Mongue, amayi ongobereka kumene, ngakhale katekisita wina amene ankazembera kukhomo lakuseri poopa wansembe. Florentino yekha ndiye ankamuseka. "Mayi a Berta, anzanu akupalira chimanga, inu mwaima ndi mwendo umodzi ngati kakowa!"

Tsiku loyamba komandante anatukwana mayiyo, mkeka, mpaka Dona Savita yemwe sanamuonepo. Tsiku lachitatu anafikira mawondo ndi zala, thukuta lili kamukamu. Cacilda ankamukanikiza ndi chikhatho m'chiuno. "Pumirani apa. Ayi, osati m'mapewa. Apa." Kunena zoona zinkamunyansa. Akatuluka ankatikita dzanjalo ndi dothi asanakamwetse mwamuna wake madzi.

Tsiku lachinayi, phunziro lili mkati, munthu anayamba kukuwa kuseri kwa loja, akuitana mayi ake m'Chilomwe. Kunamveka mpini wa khasu ukugunda kanayi, kenako zii. Komandante sanaphethire n'komwe.

"Iwe mayi, tsopano mwendo uti?"

"Wakumanja," anayankha, ndipo anaunyamula yekha bwinobwino. Anadzida koopsa tsiku limenelo.

Phunziro la yoga lili ndi mathero ake: wophunzira amagona chagada, osagwedezeka, maso otseka, kuti thupi lilandire zimene laphunzira. Masiku onsewa komandante ankakana. Iye atsinzine pamaso pa munthu? Koma tsiku lachisanu ndi chimodzi, dzuwa lili paliwombo, anawerama mpaka zala kugunda pansi, anadabwa, n'kuseka ngati munthu.

"Chabwino. Zako zogonazo tiyese."

"Miyendo tambasulani. Manja m'mbali. Musadzigwire, dziponyeni pansi."

Kuwala kolowera m'mabowo a zipolopolo padenga kunkamuthobwa m'maso, choncho Cacilda anachita zimene Dona Savita ankamuchitira iye. Anavula mpango wake woyera n'kumufunditsa kumaso, kenako anagwada kumutu kwake. Posakhalitsa bamboyo, amene asilikali ake ankati sagona, anagona tulo. Mpweya unatsika mpaka chifuwa kuoneka ngati chaima.

Khosi linali poyera. Mpeni unali pa kauntala, mapazi awiri kuchokera pamene anagwadapo. Cacilda ankadziwa pamene mtsempha waukulu umadutsa, si anali ataugwira sabata yonse? Mtima unati tenga. Anakumbukira khutu la mwamuna wake litagwera m'fumbi, anakumbukira mpini uja, ndipo dzanja linayamba kunyamuka lokha. Koma akatero Florentino apulumuka bwanji? Munthuyu wawongoka, kwatsala tsiku limodzi lokha. Komanso chiyambire sanapwetekepo munthu amene wamukhulupirira mpaka kutseka maso pamkeka wake. Anabweza dzanjalo, anapinda manja pachifuwa, anaweramitsa mutu. Misozi inayamba kutsika, ya ukali ndi ya manyazi.

Umu ndi mmene Lino anawapezera. M'nyumbamo munali mutakhala chete nthawi yaitali, ndipo anasuzumira pa mng'alu wa zenera. Tsono inu, munthu wa kuno akaona bambo atagonekedwa chagada pamkeka, manja m'mbali, nsalu yoyera kumaso, mayi atagwada kumutu akulira, angaganize chiyani? Maliro basi. Za Dona Savita akanazidziwira kuti Lino?

"Wapha komandante! Mfiti ija yapha komandante!"

Cacilda anadzambatuka. "Ali moyo! A Lino, angogona! Imani!"

Chitseko anali atachitseka yekha ndi mpiringidzo, monga mwa lamulo lake. Ali mkati molimbana nawo, mfuti inalira katatu.

Atadzidzimuka ndi kulira kwa mfutiko, komandante anataya mpango uja n'kutuluka pambuyo pa mayiyo. Anaima pakhonde njo, wowongoka ngati nsanamira. Lino atacheuka anakuwa, mfuti inamupulumuka m'manja, anagwa chogwada akudzilemba chizindikiro cha mtanda. Komandante anatsika pakhonde, anawerama, anatola mfutiyo osabuula ngakhale pang'ono.

"Chitsiru," anatero, n'kumuwombera pamphumi. Kenako anadzigwira m'chiuno, anapotolokera uku ndi uku, nkhope ikuwala.

Cacilda sanaone zimenezo. Anali atafika kale pamtengo. Zipolopolo za Lino zinali zitamulowa mwamuna wake m'mimba ndi pachifuwa, malaya atanyowa ndi magazi, ndipo zingwe zokha ndi zimene zinkamuimika Florentino. Mwamunayo anakweza mutu movutikira.

"Mayi a Berta, aima apowo ndi iwowo? Awongoka?"

"Awongoka, bambo a Berta."

"Ha! Ndiye mwaitha ntchito." Anakhosomola, magazi anatsikira m'ndevu. "Ndimasuleni tsono tizipita. Mwana uja tamusiya nthawi yaitali kwa eni ake."

Cacilda anacheukira komandante.

"Mumasule," anatero bamboyo. "Ine sindibweza mawu anga." Anatuma msilikali wina kukatenga mpeni uja pa kauntala, koma mayiyo sanaulandire.

Anayamba ndi zala. Mfundo zinali zitanyowa, zitalimba, ndipo zikhadabo zitathyoka anagwiritsa mano. Yoyamba inamasuka.

"Fulumirani, mayi," ananong'ona Florentino. "Dzuwa lipendeka."

Yachiwiri inamasuka. Yachitatu, ya m'manja, inamuvuta kwambiri, anaikoka, anaitafuna, akumuuza mwamuna wake kuti adikire pang'ono, yatsala pang'ono. Pamene inkamasuka n'kuti Florentino atasiya kale kumufulumizitsa. Anatsetserekera pachifuwa pa mkazi wake, ndipo onse awiri anakhala pansi patsinde la mango uja.