Khofi Amene Anazizira kwa Abu Sattam

Mudzi wonse unkanong'onezana nkhani imodzi, yakuti kwabwera mayi wina wa mumzinda wa Karak amene akulowa nyumba ndi nyumba kufunira mchimwene wake mkazi. Ena ankati mchimweneyo ndi msilikali, ena ankati ayi, ndi dokotala wa mano. Mayiyo ankanena yekha kuti dzina lake ndi Maysoon, mphunzitsi watsopano wa sukulu ya atsikana ya kutauni, ndipo akufuna kudziwana ndi makolo sukulu isanatsegulidwe. Koma ndani anamukhulupirira? Aphunzitsi timawadziwa, amadikira ana kusukulu, sayenda m'makomo dzuwa likuswa mutu chonchi. Komanso ankangolowa momwe muli atsikana, n'kumafunsa kuti uyu amakonda chiyani, amaopa chiyani, amadzuka nthawi yanji. Mafunso a ukwati okhaokha amenewo.

Ghadir yekha ndi amene nkhaniyi sinkamukomera. Iye anali atamaliza kalasi yomaliza ya sukulu ya m'mudzi, ndipo yotsatira inali kutauni, kokwera basi. Bambo ake, a Abu Sattam, anali atagamula kale kuti sukulu yathera pomwepo, chifukwa mwana wawo wamkazi sangamayende yekha pamsewu wa m'chipululu wodzaza malole ndi anyamata opanda chochita. Mkulu wake Wijdan anasiyiranso pomwepo. Ghadir ankakalirira kukhola, poti mbuzi sizinena kwa munthu.

Tsiku lomwe mlendoyo anafika kwawo, mayi awo, a Umm Sattam, anamuveka Wijdan diresi la pa Idi, n'kumupaka wanja m'maso. Ghadir anauzidwa kuti akakhale kuseri, asabweretse fungo la mbuzi pamaso pa anthu. Iye anakakhaladi kuseri, koma pansi pa zenera penipeni.

Wijdan analowa ndi tiyi akuyenda ngati wasenza mazira. Mlendoyo anathokoza, anayamikira tiyiyo, anafunsa za miyendo ya mayi yomwe imatupa, kenako anafunsa kuti Ghadir ali kuti.

"Ghadir?" anatero mayi ake. "Achemwali, ameneyo ndi khanda. Ngakhale mpunga amapsereza."

"Sindikufuna wophika mpunga, Umm Sattam. Ndikufuna wodzakhala kutsogolo m'kalasi mwanga. Aphunzitsi ake akale andiuza kuti salola munthu kupuma ndi mafunso."

Apa m'pamene mayi anazindikira kuti munthuyu ndi mphunzitsidi. Wijdan anatuluka mwakachetechete kukasukusula, ndipo podutsa pazenera anamutsina Ghadir ngati kuti mlandu ndi wake. Mayi anafotokoza motsitsa mawu kuti iwo akanakonda mwanayo apitirize, koma mawu a bambo ake akatuluka sabwerera m'kamwa. A Maysoon anangopempha kuti akawapatse moni bambowo.

A Abu Sattam anali m'tenti yolandirira alendo yomwe ili pambali pa nyumba, akucheza ndi anzawo awiri. Ghadir anathamanga mozungulira, n'kukabisala kuseri kwa nsalu pomwe pali kabowo komwe iye yekha ankakadziwa. Anawaona bambo ake akudzuka, akuthira khofi wowawa m'kakapu, n'kumupatsa mlendoyo ndi dzanja lamanja.

A Maysoon analandira kakapuko, n'kukaika pamphasa osamwa.

Amuna aja anayang'anizana. Kwathu kuno mlendo akaika khofi pansi ndiye kuti wabwera ndi pempho, ndipo samwa mpaka mwini nyumba atavomera. Khofiyo akazizirira pamphasa, manyazi ndi a mwini nyumba, ndipo pofika madzulo mudzi wonse umakhala utamva. Koma amachita zimenezi ndi amuna a ndevu zoyera, pa nkhani za ukwati kapena zoyanjanitsa mabanja odana. Mtsikana wa kachikwama ka m'manja ngati uyu, palibe amene anali atamuonapo akutero. Mmodzi wa anzawo aja anatsokomola kuti abise kuseka, n'kunena kuti lero Abu Sattam wakodwa m'tenti yake yomwe.

"Imwani khofi wanu, mwana wanga," anatero bambo.

"Ndimwa mukandipatsa chomwe ndadzera, amalume."

"Nenani."

"Ghadir."

Ghadir anakanikiza diso pakabowo kaja. Bambo ake sanakwiye ayi. Anafotokoza pang'onopang'ono kuti sadana ndi sukulu, iwo akuopa msewu, ndiponso akuopa pakamwa pa anthu. A Maysoon sanawatsutse. Anati msewuwo nawonso amauopa, ndipo n'chifukwa chake abwera okha m'malo motumiza uthenga. Anati akukhala kwa azakhali awo m'mudzi wakumtunda, basi yomwe adzikwera ndi yomweyo yodutsa pakhomo pano, ndipo mwanayo adzikhala pambali pawo popita ndi pobwera.

Bambo anafunsa kuti nanga tsiku lomwe aphunzitsiwo adzadwale. Iwo anati adzaimba foni kusanache, ndipo tsiku limenelo Ghadir adzakhala pakhomo kapena adzaperekezedwa ndi mayi ake. Bambo anafunsanso kuti bambo a aphunzitsiwo ndi ndani, akuchokera banja liti. Atawatchula, mnzawo wina uja anati amawadziwa, anagulako ngamila kwa iwo kalekale, ndipo ngamilayo inali yamakani ngati mwana wawoyu.

Nthawi yonseyi kakapu kanali pamphasa. Nthunzi inali itasiya kutuluka. A Abu Sattam anakayang'ana nthawi yaitali, anayang'ana anzawo, kenako anakatola, n'kukhuthulira khofi wozizirayo panja pamchenga. Anathira wina wotentha.

"Imwani, mwapeza chomwe mwadzera. Koma tsiku lomwe mwanayo adzatsike basi ija ali yekha, ndi tsiku lake lomaliza kusukulu."

A Maysoon anamwa. Bambo anatembenukira kunsalu kuja osakweza n'komwe mawu.

"Iwe wa kuseriwe, zala za kumapazi zikuoneka. Lowa udzapereke moni kwa aphunzitsi ako."

Ghadir analowa ndi fungo lake la mbuzi lomwelo. A Maysoon anamugwira dzanja, n'kumufunsa kuti amaopa chiyani. Iye anati masamu. Iwo anati bola, poti masamuwo ndi amene adzimuphunzitsa, ndipo msewu ndi wautali.

Sukulu yatsegulidwa sabata yatha. M'mawa uliwonse a Abu Sattam amaima pamsewu mpaka aone nkhope ya aphunzitsi pazenera la basi, ndipo dzulo anawapatsira kathumba ka zipatso za tende. Ghadir amakhala mpando wakutsogolo, buku la masamu pamiyendo, wosangalala ndithu. Chovuta n'chimodzi chokha. Anzake onse amakhala kumbuyo, ndipo nkhani zonse zotentha zimakambidwa kumeneko, iye amangomva kuseka kokha. Sanacheukepo ngakhale kamodzi. Inuyo mukanatha kupirira ulendo wonsewo osacheuka?