Dima la Thobwa kwa Mavwere

Chaka chimene boma linagawa timatumba ta feteleza ta sitata paki, a Mateyo a kwa Mavwere anatembenuka mtima. Anapita ku Mchinji boma kukagula chubu cha njinga, koma anakalowa m'tenti ya mpingo watsopano, nabwerako opanda chubu, odzazidwa ndi mzimu. Matipate anali atabweretsa zipani zambiri, ndipo mipingo nayo sinafune kutsalira.

"Mayi a Chisomo, kuyambira lero pakhomo pano sipadzafululidwanso mowa," anauza mkazi wawo Luwiza.

Luwiza anayang'ana chimera chimene anayanika pamphasa. Mvula inali itakhazikika, udzu m'munda unali utafika m'mawondo, chimanga chayamba chikasu. Munda waukulu chotero anthu awiri sakanaupalira. Chaka ndi chaka ankaitana dima: iye kufulula masese, amuna a m'mudzi kubwera ndi makasu, kupalira munda wonse, malipiro ake mowawo.

"Nanga dima, bambo a Chisomo?"

"Muphike thobwa. Amene ali a Mulungu abwera."

Tsikulo litakwana, anthu a Mulungu m'mudzimo anapezeka kuti alipo awiri: mlamu wodwala msana ndi mayi wina amene anangobwera kudzapempha mchere. Ena onse anadutsa m'mphepete mwa munda, makasu paphewa, kupita ku dima la a Enoki kumene mbiya zinkachita thovu. A Lenard, amene kale anali kalaliki ku esiteti ya fodya ndipo sankasiyana ndi wailesi yawo, anaima pang'ono.

"Abusa, ndinamva pa wailesi kuti anthu akalekale sanayambe kulima chifukwa cha njala ayi. Njala ankaithetsa ndi zipatso ndi nyama zakutchire. Chimene chinawagwiritsa khasu ndi mowa. Ndiye inu mukuti musinthe chiyambi cha dziko ndi phala lotsekemera?"

"Wailesi yanuyo idzapsa ndi moto wosatha," anayankha a Mateyo.

"Bola ipse titakolola."

A Mateyo anapalira okha akuimba nyimbo zauzimu. Nyimbozo zinali zabwino ndithu, koma udzu sunatembenuke mtima. Luwiza ankati akayang'ana chimanga, ankaona kale ana ake akupita kukagwira ganyu ku Zambia mwezi wa njala.

Thobwa lija linatsala lodzaza mbiya. Luwiza sanalitaye. Anawazamo chimera china, navundikira, naikankhira mbiyayo pafupi ndi mafuwa. Amuna ake analetsa kufulula, koma za kuiwala mbiya pamalo ofunda sananenepo kanthu. Patapita masiku, anangonong'oneza amayi anzake kumjigo kuti thobwa la kwa a Mateyo lakalamba.

M'mawa mwake munda unadzaza makasu. A Mateyo anakweza manja kumwamba kuthokoza kuti mitima youma yafewa. Dzuwa litakwera, munda utapaliridwa theka, Luwiza anatula mbiya pansi pa mtengo wa mango. A Lenard analawa, natsinzina.

"Thobwa ili linapita kusukulu, mayi."

Pamenepo a Mateyo anafika thukuta lili kamukamu, natambasula dzanja kupempha chipanda. Luwiza anawapatsa atagwada. A Mateyo akanati agubuduze mbiyayo, amuna onsewo akananyamula makasu nthawi yomweyo, theka la chimanga n'kufera mu udzu.

A Mateyo anamwa pang'ono n'kuima. Anayang'ana mkazi wawo. Anayang'ana mizere yoyera kumanzere, kenaka thengo limene linatsala kumanja. A Lenard anatseka wailesi yawo.

"Lawawasa pang'ono," anatero a Mateyo. "Ndi nyengoyi."

Anamaliza chipanda chonse kuti atsimikize kuti ndi nyengodi, ndipo makasu anabwerera m'mizere mpaka munda wonse unayera.

Pobwerera kumudzi, a Mateyo anayenda pafupi ndi mkazi wawo, akulankhula motsitsa mawu.

"Mayi a Chisomo, kumunda wa mtedza nakonso udzu wakula. Mukaphikanso thobwa, musamalifulumizitse."